Ukayenda Siya Phazi

Adzukulu anga, ndi inu nonse ana a dera lathu lino la Area 1 mu Lilongwe muno amene mumandipatsa moni ndikamatsikira kumsika, masiku ano mukuyenda. Pasipoti imene kale inkapezeka ndi nduna komanso abusa opita ku maphunziro, lero ili m'kachikwama ka mtsikana amene bungwe lake lamutuma ku msonkhano ku Arusha kapena ku Kigali. Atate athu nawonso ankayenda, koma wawo udali ulendo wa Wenela ndi wa ku Halale. Ankapita kukagulitsa mphamvu, ndipo padalibe wowakonzera galimoto yoti akaone dziko. Inu mumakwera ndege ku Lumbadzi, kumene mukupitako amakuchingamirani atanyamula chikwangwani cha dzina lanu, ndipo pa ndondomeko ya ulendo sipalephera kukhala tsiku limodzi loti mukaone sukulu ya kumudzi ndi munda wa mlimi. Ambiri mumaliyesa tsiku lopumulira misonkhano. Ine ndikuti ndi tsiku limene eni dziko amadziwira mmene mudaleredwera.

Enanu simunadumphebe malire, koma nkhaniyi ndi yanunso, mwina kuposa anzanuwo. Ndinu amene mumagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre, amene mumakhala kutsogolo m'galimoto zoyera zija zikamalowera msewu wa ku Mchinji, wa ku Mitundu kapena wa ku Nkhoma, alendo a kunja ali pambuyo ndi makamera awo. Mlendoyo sadziwa kanthu, amatsata phazi lanu. Akalakwitsa, anthu amamukhululukira, koma inu amakusungirani mumtima, chifukwa nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Ndipo musadzinamize kuti poti mumalankhula Chichewa ndiye kuti ndinu eni mudzi. Mwana wobadwira ku Bwaila, wokulira ku Falls, amene madzi amawadziwira pampopi, akafika kwa Chadza kapena kwa Kalolo ndi mlendo basi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amamva zimene akumunena.

Muyambe mwadziwa kuti ulendo wanu umadya za eni. Inu mumafika, n'kukhala maola awiri, n'kubwerera. Pasukulupo chipwirikiti chimakhala chitayamba sabata yathayo. Mphunzitsi wamkulu watumiza ana kukabwereka mipando kutchalitchi. Ana asesa bwalo, apaka miyala laimu, ena atumidwa kukatunga madzi owaza pafumbi. Atsikana a Sitandade 6 asiya masamu masana aliwonse kuti akonzekere chimtali, anyamata akukonzekera nyimbo yolandirira alendo. Amayi a m'mudzi asonkherana ufa, wina wapereka nkhuku imene ankasungira fizi ya mwana wa kusekondale. Tsiku lenilenilo ana amaimikidwa pamzere kuyambira mmawa, dzuwa likuwawotcha, alendo n'kufika masana chifukwa kadzutsa wa kuhotela adachedwa. Palibe amene adzakuuzeni zimenezi. Adzakusekererani, adzakuimbirani, poti mlendo ndi mame, koma tsiku la maphunziro lapita ndipo silibwerera.

Tsiku limodzi si laling'ono pasukulu yotere. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana adakhamukira kusukulu. Chiwerengero chidachoka pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, ndipo ambiri mwa makolo anu adaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma zipinda sizidachuluke pa liwiro lomwelo, aphunzitsi ambiri adalembedwa ntchito asanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo mpaka lero mudzapeza kalasi ya ana opitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi, ena pansi pa mtengo, pomwe chimene boma limafuna ndi ana 60. Mvula ikagwa, kalasi ya pansi pa mtengo yaweruka. Kukagwa maliro m'mudzi, theka la ana kulibe. Kukatsegulidwa msika wa fodya kapena kukafika nyengo yokolola, enanso ajomba. Pa masiku otsalawo ndi pamene inu mukudzatapapo limodzi. Maiko ena amene mudzapiteko vuto lawo likhoza kukhala lina, koma mudzafunse musananyamuke kuti ana ali pa mayeso kapena ayi, ndiponso kuti eni sukulu angakonde mufike nthawi yanji. Ngati zingatheke, fikani akuweruka. Ndipo mukanena nthawi, isungeni.

Za malonje sindichulukitsapo, mudazimva kwa amayi anu. Galimoto siimira pakati pa bwalo la sukulu ngati ya apolisi. Mumatsika, mumafunsa kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati amfumu ndi a komiti ya sukulu alipo, mumayamba mwawaona iwo. Mumavula magalasi akuda ndi chipewa. Atsikana, chitenje sichilemera m'chikwama. Kwa eni miyambo imasiyana: kwina amagwada, kwina amaomba m'manja, kwina amavula nsapato pakhomo, kwina mwamuna sagwira dzanja la mkazi. Musanatsike m'galimoto funsani woyendetsayo, amadziwa zambiri kuposa amene adalemba ndondomeko. Safunsa adadya phula. Akakupatsani chakudya, idyani, ngakhale pang'ono. Ndaonapo ana a m'tauni akukankhira kumbali mbale ya nsima ya mgaiwa n'kutulutsa mabisiketi awo, mayi wophikayo ataima poteropo. Ngati m'mimba mwanu simulola, nenani mwaulemu msanga, nkhuku isanaphedwe.

Mukalowa m'kalasi, kumbukirani kuti muli mwini wake. Mphunzitsi uja wayenda wapansi kapena panjinga mtunda wautali, malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, ndipo ulemu umene ana amamupatsa ndiwo chuma chake chachikulu. Musamulande choko kuti muonetse ana mmene Chingerezi chimalankhulidwira ku Lilongwe. Musamukonze pamaso pa ana ake. Inu mudzapita, iye adzatsala ndi ana amene aona kuti aphunzitsi awo akhoza kuchititsidwa manyazi ndi mnyamata wa jinzi. Khalani kumbuyo, mverani phunziro mpaka lithe, kenaka mukamufunse panja kuti amatha bwanji kuchonga makope onsewo. Funso lina limene limandinyansa ndi lija loti ana amasiye aimike manja. Mwana amene mayi ake adaikidwa chaka chatha mukumuuza kuti adzionetse pamaso pa anzake ndi pamaso pa alendo kuti inu mupeze chiwerengero cholemba mu lipoti. Chiwerengerocho chili mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kafunseni kumeneko. Maswiti nawonso musamawaponye pawindo la galimoto ngati mukuwazira nkhuku chimanga. Aang'ono amapondedwa, akuluakulu amaphunzira kuthamangira galimoto iliyonse yachilendo atatambasula dzanja, ndipo tsiku lina wina adzagundidwa. Muli ndi mphatso, kaya makope, kaya mpira, kaya choko, perekani kwa mphunzitsi wamkulu pamaso pa a komiti, zilembedwe m'buku.

Tsopano za foni. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene m'badwo wanu umapunthwa osazindikira.

Mukukumbukira zimene zidaululika mu June 2022, pamene atolankhani a BBC Africa Eye adaonetsa zimene zinkachitika kwa Njewa, kuseri kwa mzinda wathu womwe uno. Mzika ya ku China, Lu Ke, amene ana ankamutchula kuti Susu, ankasonkhanitsa ana a m'mudzi, kuwaimbitsa ndi kuwavinitsa atanyamula zikwangwani za Chitchaina, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti kwa anthu a kwawo ofuna kufunirana mafuno abwino. M'kanema wina ana adauzidwa kufuula mawu onyoza khungu lawo ndi nzeru zawo, iwo akusekerera, osadziwa chimene akunena. Ankapatsidwa tindalama tochepa, ndipo ena ankajomba kusukulu chifukwa cha zimenezi. Nkhani itaphulika munthuyo adathawira ku Zambia, adagwidwa ku Chipata, adabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti lidamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Tonse tidakwiya, ndipo mkwiyowo udali woyenera.

Koma ine ndidadzifunsa kuti munthuyu adatha bwanji kuchita zimenezi kwa nthawi yaitali, masanasana, pamtunda woti njinga imafika kuchokera ku Old Town. Yankho lake ndi lowawa: m'midzi mwathu anthu adazolowera kale kuti mlendo akafika ndi kamera, ana amasonkhana, amaimba, amajambulidwa, ndipo palibe wofunsa kumene zithunzizo zikupita. Amene adawazoloweza ndi alendo a mtima wabwino, ndi ife amene timawaperekeza. Yesani kulowa pageti la sukulu ya Bishop Mackenzie ku Area 3 ndi kamera, muyambe kujambula ana a eni popanda chilolezo, muone ngati mungathe mphindi zisanu. Nanga mwana wa kwa Njewa adalakwa chiyani kuti nkhope yake ikhale ya aliyense? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho kaya muli ku Mchinji, kaya ku Uganda, kaya ku India, musanatulutse foni pemphani kwa mphunzitsi ndi kwa makolo, ndipo muwauze zoona za kumene chithunzicho chikupita. Akakana, bwezerani m'thumba. Musamasankhe mwana wa malaya ong'ambika kwambiri kuti ndiye aime nanu. Musanaike pa Facebook, dzifunseni ngati mwanayo, atakula n'kukhala mphunzitsi kapena namwino, angakondwe kudzipeza pamenepo ndi mawu amene mwalemba m'munsimo. Intaneti siiwala, ndipo ana a kumudzi nawonso akukula ndi mafoni.

China chimene chimawononga ndi pakamwa. Munthu ukaona ana atakhala pafumbi, denga likudontha, mtima umasweka, ndipo pakamwa pamathamanga: tidzakumangirani buloko, ndidzakutumizirani mabuku, mwana uyu ndidzamulipirira. Anthu amaomba m'manja, amayi amaluluta, iwe n'kumva kukoma. Ukafika kunyumba wapeza ngongole zako zikukudikira, ndipo pakutha pa mwezi dzina la sukulu lija waliiwala. Kumudzi saiwala. Amaumba njerwa, amaziwotcha, amatuta mchenga, n'kumayang'ana kumsewu. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane.

Ngakhale anthu a ndalama zawo zimawakanika. Woimba wotchuka wa ku America, Madonna, adafika kuno mu 2006, ndipo mu 2009 padachitika mwambo waukulu m'mudzi wa Chinkhota, kufupi ndi mzinda uno, wokhazikitsa ntchito yomanga sukulu ya atsikana ya madola 15 miliyoni. Anthu adachotsedwa m'minda yawo kuti papezeke malo, ena akudandaula kuti chipukutamisozi chidachepa. Pofika 2011 ntchitoyo idalephereka, nyuzipepala zikunena kuti madola pafupifupi 3.8 miliyoni adali atapita kale, sukulu osaoneka. Sindikunena izi kuti ndimunyoze mayiyo. Pambuyo pake bungwe lake, mogwirizana ndi la buildOn, lidamanga m'malo khumi ku Kasungu, ngakhale mu 2013 kudabuka mkangano ndi boma woti kodi zimenezo ndi sukulu kapena ndi zipinda zophunziriramo chabe. Ndipo chipatala cha ana cha Mercy James chimene chidatsegulidwa ku Gulupu mu 2017 chikupulumutsa miyoyo. Koma mlimi wa ku Chinkhota amene adasiya munda wa makolo ake chifukwa cha lonjezo, zimenezo sizimubwezera nyengo zimene sadalime. Ngati wa mamiliyoni zidamuvuta chotero, inu a malipiro a pamwezi muzisamala kawiri.

Pali njira ina. Mu 2002, chaka cha njala, Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adafika m'nyumba ina kuno ku Malawi mmene mayi ankadwala mwakayakaya ana ake atamuzungulira. Adafunsa mwana wamkulu chimene ankalakalaka pa moyo wake, ndipo yankho lidali la chakudya chokwanira ndi sukulu. Sadalonjeze nyumba zosanja. Bungwe lake la Mary's Meals lidayamba ndi phala la ana pafupifupi 200, ndipo lero ana opitirira miliyoni imodzi m'dziko muno amamwa phala limenelo kusukulu. Taonani kuti amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa miphika ija ndi amayi a m'midzi momwemo, mongodzipereka. Mlendo adabweretsa ufa, ntchito ndi ya eni. Inu mukakhudzidwa mtima, tsekani pakamwa, lembani m'kabuku, bwererani kunyumba, werengani zimene mungathe, ndipo mukatsimikiza ndiye mulankhule. Makope makumi awiri ofika aposa laibulale ya pakamwa.

Tiyeni kumunda. Kuno ndiye ana ophunzira amachita manyazi ambiri osadziwa kuti akuchita manyazi. Wina wangomaliza ku Bunda, wafika m'munda wa agogo a zaka 70, waona chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe zili malo amodzi, n'kuyamba kuphunzitsa kuti uku ndi kulima kwachikale. Akadayamba wafunsa. Nandolo amazika mizu pansi kwambiri, salimbana ndi chimanga, amacha chimanga chitakololedwa, ndipo masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka. Maungu amaphimba pansi kuti chinyontho chisathawe, ndipo nkhwani wake ndiye ndiwo za mu Januwale pamene nkhokwe yapepuka. Mvula ikadula, chimodzi chikafa china chimapulumuka. Mayi ameneyo alibe inshulansi, inshulansi yake ndi kasakanizidwe kameneko. Mukadzapita ku Salima kapena ku chigwa cha Bwanje mudzaona mitengo ikuluikulu ya msangu itasiyidwa pakati pa minda. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikuphukira, kotero suphimba mbewu, ndipo chimanga cha pansi pake chimaposa cha poyera. Alimi adazidziwa kalekale akatswiri asanabwere ndi zoyezera zawo. Ku Niger, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, alimi adabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni posamalira ziphukira za pa zitsa m'minda mwawo, ndipo wochuluka mwa mitengoyo ndi msangu womwewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlendo wodekha amatha kuona chimene eni ake adachizolowera. Mukuidziwa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene adasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakutha, zitsulo zotola ndi milongoti ya bulugamu, ataona chithunzi m'buku la mu laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale. Anthu ambiri ankamuyesa wamisala. Padapita zaka makinawo akuzungulira m'mudzimo dziko osadziwa. Mu 2006 anthu a zamaphunziro amene adapita kukayendera laibulale ija adachita chidwi n'kufunsa kuti wapanga zimenezi ndani. Nkhani idafika kwa Dr Hartford Mchazime, iwo adapita okha kukaona, n'kubwereranso ndi atolankhani. Chaka chotsatira mnyamatayo adali ku Arusha akulankhula pamsonkhano wa TED, kenaka adapitiriza sukulu mpaka kukamaliza ku Dartmouth ku America. Alendo aja akadangosaina m'buku la alendo, kudya nkhuku n'kukwera galimoto, bwenzi nkhaniyi itathera ku Wimbe komweko. Pasukulu iliyonse imene mudzapiteko pali mwana wina amene sadaikidwe m'gulu la ovina, ali kumbuyo akukonza kanthu kake. Ndondomeko ya ulendo sidzakufikitsani kwa iye, mudzafika ndi maso anu.

Kunja mudzaona zodabwitsa, ndipo n'koyenera kudabwa. Enanu muli ndi abale amene adakwera ndege mu November 2023, pamene achinyamata 221 oyamba adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kumeneko madzi amaperekedwa ku mbewu dontholidontholi kudzera m'timapaipi, luso limene kampani ya Netafim idayamba kulifalitsa mu 1965, ndipo chipululu chimabala tomato. Mtima umafuna kuti ukangofika kumudzi ukayale mapaipi. Musanatero funsani mafunso osasangalatsa. Madziwo amachokera kuti, amawakoka ndi mphamvu yanji? Paipi ikatsekeka amakonza ndani, chosinthira amagula kuti? Tomatoyo amagula ndani, pamtengo wanji, ndipo ngongole ya zonsezi adapereka ndani? Munda umene amaonetsa alendo kawirikawiri umakhala wosankhidwa, wa mlimi wachitsanzo amene bungwe lidamuthira zipangizo. Pemphani kuti muonenso wa mnansi wake. Sikuti zakunja sizigwira kuno. Kabzalidwe ka Sasakawa, phando limodzi mbewu imodzi, mapando otalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75, kadabwera ndi alendo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero alimi ambiri adakatenga ngati kawo. Kadakhazikika chifukwa alimi adakaona m'minda yachitsanzo ya anzawo, nyengo ndi nyengo, n'kudziyesera okha. Palibe amene adakakhulupirira chifukwa cha zithunzi za mufoni ya mwana wobwera kunja.

Chinthu chimodzi ndikuletsani kwamtuwagalu: mbewu za m'thumba. Mlimi wa kwa eni akakukondani adzakupatsani kamwana ka nthochi, kamtengo ka chinangwa, kapena chimanga chodzaza dzanja kuti mukayese kwanu, ndipo inu mudzakulunga mu sokosi kuti a pachipata asaone. Mukudziwa chifukwa chake nthochi zambiri za mumsika wathu uno zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique? Kale Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay ankadyetsa dziko lonse nthochi. Matenda a chisaka adazipulula. Amafala ndi nsabwe za m'mbewu, koma mtunda wautali amayenda ndi anthu, m'tiana ta nthochi tooneka tabwinobwino timene wina wapatsa mnzake mwachikondi. Mankhwala ake kulibe, n'kuzula basi, ndipo alimi adazula minda yathunthu akulira. Nankafumbwe wamkulu uja amene amasandutsa chimanga cha m'nkhokwe kukhala fumbi kwawo ndi ku Central America. Adafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kutilowera kuno kudzera kumpoto. Zonsezi zidayenda m'katundu wa anthu. Mukaikonda mbewu, lembani dzina lake, mukafunse ku Chitedze kapena kwa alangizi njira yake yovomerezeka. Chimodzimodzi ndi makola. Musamalowe m'khola la nkhumba kapena la nkhuku la eni musanaloledwe, ndipo nsapato zimene mwapondera khola lina muzitsuke musanapite kwina. Chigodola ndi chitopa zimakwera galimoto limodzi ndi alendo, ndipo mlimi amene adakulandirani bwino akhoza kutsala ndi khola lopanda kanthu sabata ziwiri mutachoka.

Maulendo ena adzakufikitsani kwa abale. Mukadutsa Mchinji n'kuoloka pa Mwami, ku Chipata ndi ku Katete mudzamva chilankhulo chathu chomwechi, ndipo kumapeto kwa Ogasiti Achewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ku Angónia, kuseri kwa Dedza, ana amasewera m'chilankhulo chathu ngakhale sukulu imayendera Chipwitikizi. Kumeneko ngozi yake ndi kutayirira. Poti mukumvana, mumaiwala kuti muli m'dziko la eni, mumayamba kuseka katchulidwe kawo, kunyoza ndalama yawo, kulowerera ndale zawo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ku Zimbabwe nkhani yake ndi yolemera kwambiri. M'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko muli zidzukulu za machona, anthu amene agogo awo adachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi zaka zambiri zapitazo osabwereranso. Ambiri adaphunzira m'tisukulu ta pafamu, ndipo minda ya azungu italandidwa kuyambira mu 2000 ambiri adataya ntchito ndi pogona pomwe, osakhala ndi mudzi wothawirako. Gule wamkulu adamusunga. Mukadzakumana nawo adzakutchulirani dzina la mfumu ndi la mtsinje zimene adamva kwa agogo awo, n'kukufunsani ngati mukukudziwa. Musadzawayankhe mwachidule. Khalani pansi, fotokozani zonse zimene mukudziwa za dera limenelo, ngakhale zitakhala za msewu ndi msika chabe.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga yeniyeni. Kulikonse kumene mudzapite, mukatha kufunsa mafunso anu, mlimi adzatembenuka n'kukufunsani inu. Kwanu mumabzala liti? Pa ekala mumakolola matumba angati? Mbewu mumasunga bwanji kuti isafumbwe? Mphunzitsi naye adzafuna kudziwa kuti ana a kwanu amayamba Chingerezi ali kalasi yanji, ndipo atsikana amasiyira pati sukulu. Ndamvapo achinyamata athu akuyankha mafunso otere ndi mawu a m'malipoti, oti Malawi ndi dziko losauka lodalira ulimi, n'kuthera pomwepo, chifukwa munda wa agogo awo adaupondamo komaliza ali ku pulayimale. Ena, pofuna kusangalatsa azungu, amakokomeza umphawi wathu mpaka kunama. Ena, pochita manyazi, amakamba ngati Malawi yense ndi Area 10. Onsewo ndi kandimverere. Munthu wosadziwa munda wa kwawo akaona wa eni sadziwa chimene chili chachilendo ndi chimene chili chimodzimodzi, ndiye amangojambula.

Mankhwala ake sali patali. Maminibasi a ku Mitundu, ku Nkhoma, ku Kasiya ndi ku Nsundwe amanyamukira kutsidya kwa mlatho konkuno. Pitani mvula ikagwa, nthawi yopalira, mutavala nsapato zoti zide. Mukawauze amalume anu kuti simunabwere kudzacheza, akupatseni khasu ndi mzere wanu, ndipo madzulo muwafunse kuti feteleza wa chaka chino adamupeza bwanji. Za kusukulu mukayambe mwaonana ndi wapampando wa komiti, iye ndiye akakuuzeni tsiku limene aphunzitsi angakulandireni popanda kuimitsa maphunziro.